Momwe Mungatsatire Malangizo a Ayurveda pa Ludzu ndi Makutu

Buku lakale la Ayurveda (zamankhwala zamakolo za ku India) lotchedwa Charaka Samhita, m'mutu 7 wa gawo la Sutrasthana, limatchula zofuna za thupi 13 zimene munthu sayenera kuzikaniza, monga kukodza, kuyetsemula, tulo, njala ndi misozi. Ludzu lili m'gulu lomweli. Bukuli limati wodzimana madzi amauma kukhosi ndi m'kamwa, amatopa, amalefuka, amamva kupweteka pamtima, ndiponso amagontha, vuto limene limatchedwa badhirya. Vagbhata, amene analemba buku lina lakale la Ayurveda lotchedwa Ashtanga Hridaya, anawonjezerapo chizungulire ndi kusokonezeka maganizo. Chiphunzitso chawo nchakuti kuuma kwa thupi kumautsa vata, mphepo ya m'thupi, ndipo makutu ndi amodzi mwa malo amene mphepoyo imakhala.

Choyamba, imwani madzi ludzu likangoyamba, musadikire kuti malovu alimbe kapena lilime limamatire. Charaka akulangiza zakumwa zozizira ndi zotsitsimutsa. M'makomo ambiri ku India amasunga madzi mumtsuko wadothi wotchedwa matka, ndipo nyengo yotentha ena amaviikamo kamtolo ka mizu ya ushira, udzu wonunkhira umene ambiri amaudziwa kuti vetiver, kotero kuti madziwo amazizira bwino ndi kumveka kafungo ka dothi lonyowa. Imwani pang'onopang'ono, osagugudiza chikho chonse nthawi imodzi, pakuti mabuku omwewa amachenjezanso za kumwa mopitirira muyezo.

Mukhale tcheru makamaka pa masiku osala. Pa Nirjala Ekadashi, tsiku limene limabwera mu Meyi kapena Juni kutentha kuli pachimake ku India, Ahindu ena samwa ngakhale dontho limodzi, ndipo ine ndikuona kuti wodwala, wokalamba kapena mayi woyembekezera sayenera kuyesa zimenezi popanda kufunsa dokotala.

Pali pamene nzeru zakalezi zikugwirizana ndi zamakono: thupi likauma, kanjira kolumikiza khutu ndi mmero kangathe kukhala kotseguka, munthu n'kumamva mawu ake ndi mpweya wake zikulira m'mutu ngati ali m'mbiya. Koma khutu likasiya kumva mwadzidzidzi, makamaka mbali imodzi, musataye nthawi ndi mtsuko. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala a vuto limeneli amagwira bwino akaperekedwa m'masiku oyambirira.