Kukonza waya wa earth pa fuloti ya thanki ya galimoto zakale

Amene amayendetsa Land Rover yakale kapena Peugeot 404 kuno kuchigwa cha Shire amadziwa kuwawa kwake kwa geji ya mafuta yonama, makamaka petulo akathera panjira pakati pa Ngabu ndi Bangula dzuwa lili paliwombo. Ambiri amathamangira kugula fuloti ina, koma nthawi zambiri vuto limakhala earth basi, njira imene magetsi amabwerera ku batire.

M'thanki muli fuloti yomwe imakwera ndi kutsika motsatira mafuta, ndipo mkono wake umasintha kuchuluka kwa magetsi opita ku geji. Pa galimoto zambiri zakale waya wopita ku fuloti ndi mmodzi yekha, choncho magetsi amabwerera ku batire kudzera m'thanki momwemo, m'malamba achitsulo oimangirira, kenako m'chasisi. Njira imeneyi ndi imene imaduka. Matope a madzi osefukira, monga aja a namondwe wa Freddy mu 2023, amakhazikika pamwamba pa thanki n'kubala dzimbiri, ndipo amene anapenta thanki yake bwino kapena kuika mphira pansi pa malamba amakhala kuti waiduliratu yekha njirayo asakudziwa.

Yambani ndi kuyeza. Imikani galimoto pamthunzi podutsa mphepo, kutali ndi mbaula kapena munthu wosuta fodya, chifukwa mpweya wa petulo suchedwa kuyaka kukatentha ngati mu Okutobala. Mukazimitsa kiyi ndi kumasula batire, ikani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, pa ma ohm (muyeso wa mmene magetsi akuvutikira kudutsa), mbali imodzi pachivundikiro cha fuloti, inayo pa waya wa batire wopita ku chasisi. Ikapitirira 1 ohm, earth yafooka. Musadalire muvi wa geji wokha, popeza mageji amasiyana: pa galimoto za Ford za ku America zomwe fuloti yake imawerenga ma ohm 73 thanki ikakhala yopanda kanthu ndi 10 ikadzaza, earth yofooka imagwetsa muvi pansi, pomwe pa za General Motors za 0 mpaka 90 muvi umakwera ngati mwangothira kumene.

Kukonza kwake n'kuipatsa fuloti waya wakewake. Tengani waya wakopa wokutidwa bwino, mumange kachitsulo kobowoka kumapeto onse awiri, ndipo mbali imodzi muipanikize pansi pa sikuluwu ya chivundikiro cha fuloti kapena pa kachitsulo ka earth ngati kalipo. Mbali inayo ipite pa bawuti ya chasisi. Apa ndi pofunika kudekha: palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale ngati ndalama yatsopano, ikani washala wa mano kuti alume chitsulocho, mangani zolimba, kenako mupakepo girizi kuti chinyezi chisalowe. Kupotokola waya ndi zala n'kukulunga tepi ine sindivomereza, chifukwa mabampu a msewu wa ku East Bank amaumasula posakhalitsa. Thanki musaiboole ndi drilo kapena kuiwotcherera ngakhale ioneke youma.

Musanabwezeretse batire, onetsetsani mbali imene imapita ku chasisi, pakuti galimoto zambiri za ku Britain zopangidwa chisanafike chaka cha 1967 zinkalumikiza mbali ya positive. Mukatero tsegulani kiyi n'kudikira pang'ono, poti geji za kampani ya Smiths zoyendera kutentha zimakweza muvi pang'onopang'ono. Ukapanda kusuntha, gunditsani waya wa fuloti ku chasisi kwa kamphindi kochepa. Muvi ukayenda, geji ili bwino, ndipo chotsala n'kutulutsa fuloti muone ngati siinaboweke n'kumwa petulo.