Mukufuna kugula thiraki yanu ya flatbed? Werengani kaye izi

Anzanga madalaivala amene mwatopa kuyendetsa thiraki ya abwana ndipo mukuganiza zogula hosi yanuyanu (mutu wa thiraki wokoka thirela) ndi thirela ya flatbed (ija yapamtetete yopanda makoma), ganizolo ndi labwino ndithu chifukwa thirela imeneyi siisankha katundu. Simenti ya ku Kasungu kapena ya ku Ndola, feteleza wochokera ku Beira ndi ku Nacala, mabelo a fodya opita ku Kanengo, shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, matabwa a ku Chikangawa, zitsulo zomangira nyumba, olo kontena ngati thirela ili ndi ma twist lock (zitsulo zokolera kontena m'makona), zonsezi zimakwera. Koma amene mwazolowera thanki ya mafuta kapena kontena yotseka ndi seal, dziwani kuti pa flatbed palibe khoma loteteza katundu, chomugwira ndi malamba anu, matcheni anu ndi tenti yanu basi, ndipo akanyowa kapena akagwa palibenso bwana woti alipire, ndalama ituluka mthumba mwanu.

Ndiye ndalama ya zomangira muyike pambali musanagule ndi hosi yomwe. Anthu ambiri amathera ndalama yonse pa galimoto kenako nkumakabwereka tenti yobooka kwa mnzawo, zimenezo ayi chonde. Mufunika matenti awiri abwino okwana thirela yonse, malamba a ratchet (aja okhala ndi chokokera chake) okwanira ndi ena apadera, matcheni ndi zokokera zake za katundu wa zitsulo, zotchingira m'makona kuti lamba asadulidwe ndi ngodya ya katundu, komanso matabwa oyala pansi. Lamba aliyense amakhala ndi kachikwangwani kolemba mphamvu yake, muziwerenga, ndipo lamba wothetheka kapena womanga mfundo pakati mutayeni olo akuoneka ngati angapirire ulendo umodzi.

Chifukwa chake ndi ichi. Mukaponda mabuleki mwadzidzidzi katundu amakankhira kutsogolo ndi mphamvu yofika magawo 8 pa 10 a kulemera kwake, ndiye ngati mwanyamula matani 30, omwe ndi matumba 600 a simenti, ndi matani 24 amene akufuna kubwera kumene mwakhala inuko. Pa zitsulo zazitali ndi mapaipi mpamene pamaopsa kwambiri chifukwa zimaterereka, thirela yanu ikhale ndi chotchinga cholimba kutsogolo ndipo katundu azigunda chotchingacho, asamasiye mpata. Ku America lamulo lawo limati mphamvu ya zomangira zonse pamodzi isachepere theka la kulemera kwa katundu, komanso dalaivala aime nkuyang'ana katundu asanapitirire makilomita 80 oyamba, kenako maola 3 aliwonse. Olo inu simuli ku America chitani zomwezo, matumba amakhazikika galimoto ikayamba kugwedezeka ndipo lamba amene munamukoka mpaka thukuta ku depoti mukampeza atakhwefuka. Musanatsike ku Chiweta imani muonenso.

Tenti nayo ili ndi kafundidwe kake. Yambani kufunditsa ya kumbuyo, ya kutsogolo ibwere pamwamba pake, kuti mphepo ndi mvula zisalowere pamene zakumanapo. Simenti ikanyowa yatha, feteleza amaundana, fodya ndiye osanena, mwini wake sangakumvereni. Ndipo pokwera pamwamba pa katundu samalani, anthu amagwa nkuthyoka msana pofunditsa tenti kukuwomba mphepo, tsono pano mukagona m'chipatala thiraki nayo yaima koma ngongole ya kubanki ikuyendabe.

Za sikelo. Musamangowerenga kulemera kwa galimoto yonse, pa sikelo ya ku Balaka kapena pa boda amayeza ma ekiselo gulu ndi gulu. M'chigawo chathu chino ma ekiselo awiri oyandikana amaloledwa matani 18, atatu matani 24, galimoto yonse isapose matani 56, ndiye mutha kunyamula katundu wochepa bwinobwino koma nkulipitsidwa chifukwa choti anyamata opakira anaunjika zonse kutsogolo. Kayezetseni thiraki ili yopanda kanthu tanki ili yodzadza kuti mudziwe chenicheni chimene munganyamule, ndipo popakira muzikhalapo nokha, osapita kukadya nsima nkuwasiyira.

Tsopano ndalama, apa mpamene ndimadandaula napo kwambiri chifukwa madalaivala aluso ambiri amagwera pamenepa osati pa chiwongolero. Mtengo wa ulendo muziwerengera kupita ndi kubwera komwe. Mtengo wochokera ku Beira utha kuoneka wonona koma ngati mwapita wopanda katundu dizilo wa ulendo wopitawo adya phindu lonse, ndiye musananyamuke yambani mwapeza chopita nacho, kaya ndi fodya, shuga, nandolo kapena soya. Dizilo, ma toll gate a pa Chingeni ndi Kalinyeke, zolipira pa boda, zonsezi ndi kashi lero lomwe, pamene makampani ambiri amalipira patatha masiku 30 kapena 60 mutapereka pepala losainidwa loti katundu wafika, ena nkudulanso msonkho wa withholding, uja amachotseratu pa malipiro anu nkukapereka ku MRA. Onjezani masiku ogona pa mzere wa dizilo akasowa. Hosi ya ma ekiselo atatu ndi thirela ya ma ekiselo atatu ndi matayala 22, ulendo uliwonse muzipatula ya matayala ndi sevisi musanatenge yanu. Ine ndimati ngati mulibe ndalama yoyendetsera miyezi iwiri kapena itatu popanda kulandira kanthu, dikirani kaye, pitirizani ntchito kwa abwana uku mukusunga, palibe chamanyazi. Kumbukiraninso kuti ntchito imayenda ndi nyengo, fodya amayamba cha mu April, feteleza mvula isanagwe, koma January mpaka March kumakhala zii.

Madobadoba opezera anthu katundu alipo okhulupirika ndi ena ayi, mugwirizane polemba mtengo, tsiku lolipira, ndi ndalama ya tsiku lililonse limene thiraki yaima podikira kutsitsa.

Mapepala ndiye mukuwadziwa kale, COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), inshulansi, TPIN (nambala ya msonkho) ya ku MRA ndi zilolezo zodutsira malire. Yellow Card ya COMESA, inshulansi ya galimoto yoyendera kunja kwa dziko, imagwira ku Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania koma ku Mozambique mumagula inshulansi yawo pa boda. Chimene ambiri amaiwala ndi inshulansi ya katundu amene mwanyamula, ija amati GIT, chifukwa ya galimoto siilipira simenti yonyowa kapena matumba obedwa usiku anthu atang'amba tenti. Pogula afunseni bwinobwino ngati imalipira katundu wonyowa ndi wobedwa, komanso malo amene amalola kuti thiraki igone, ndipo zimene ayankhazo zilembedwe mu pepala la inshulansiyo.