Musanalipire poloti mumzinda, yambani mwafufuza ku Lands

Abale amene mukufuna kugula nyumba kapena poloti ku Lilongwe, Blantyre kaya Mzuzu, ndalama zanu zisatuluke m'thumba chifukwa choti wogulitsa wakuonetsani fotokope ya title deed. Pepala lotere aliyense angalikonze pakompyuta.

Mufunseni nambala ya title, mupite nayo ku ofesi ya Unduna wa za Malo (Lands), mukapemphe official search, komwe ndi kufufuza za malowo m'kaundula wa boma. Mumalipira kandalama kochepa, n'kulandira risiti. Chikalata chimene akupatseni chimaonetsa dzina la mwini weniweni, mtundu wa umwini, zaka za lease (nthawi imene mwabwerekedwa malowo), komanso ngati malowo ndi chikole cha ngongole ya ku banki kapena wina anaikapo chiletso chotchedwa caution. Dzinalo lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha wogulitsayo. Akamati "ndi za malemu bambo anga," aonetse mapepala a kukhoti omulola kugawa chuma chamasiye.

Kenako pitani ku khonsolo ndi nambala ya poloti, mukaone ngati pali ngongole ya ma city rates, msonkho wa malo ndi nyumba wolipira kukhonsolo. Apa ambiri amaiwalapo, pamene ngongoleyi imakakamira nyumbayo ndipo idzavutitsa inuyo posintha umwini. Za ground rent, lendi ya malo a lease yolipira ku boma, mufunsenso ku Lands komweko.