Mmene mlimi wa m'chigwa cha Shire angagwiritsire ntchito ulosi wa mvula ya mabingu

Kuyambira mwezi wa Okutobala mpaka Disembala, kutentha kwa ku Ngabu, Nchalo ndi Bangula kumafika madigiri 40, ndipo masiku ena kumapitirira pamenepo. Komatu kutentha pakokha sikubweretsa mvula. Chimene chimasintha zinthu ndi chinyezi chomwe chimabwera pamene mphepo yochokera ku Congo ndiponso yochokera kunyanja yamchere ya India zayamba kulowa m'dziko muno. Dzuwa likafika paliwombo, mpweya wotentha wodzaza chinyezi umakwera mofulumira, ukafika pamwamba umazizira n'kusanduka mitambo ija yotalika ngati chulu, yakuda kunsi kwake, imene imabala mabingu, mphenzi, mphepo yamkuntho ndipo nthawi zina matalala. N'chifukwa chake mvula yamtunduwu imakonda kugwa masana kapena chakumadzulo.

Nthambi ya boma yoona za nyengo imalengeza ulosi wa dzinja lonse mvula isanayambe, kenako imapereka ulosi wa tsiku ndi tsiku kudzera pa wailesi ndi pa lamya. Ikanena kuti m'madera ena a m'chigwa cha Shire mugwa mvula ya mabingu, ambiri a ife timamva ngati yalonjeza mvula pamunda pathu penipeni, ndipo ikapanda kugwa timati a zanyengo atinamiza. Izi zimandidetsa nkhawa, chifukwa mlimi akataya chikhulupiriro pa ulosi amasiya kumvera ngakhale tsiku limene chenjezo likanapulumutsa banja lake. Mtambo umodzi wa mabingu umanyowetsa dera laling'ono chabe, moti mvula imatha kukhuthuka ku Nchalo pamene ku Ngabu fumbi likufuka. Ulosi umatiuza kuti mwayi woti mvula igwe wakula kapena wachepa m'dera lonse, ndipo ntchito yotsala ndi yathu, yoyang'ana kumwamba ndi pansi pamene tili.

Pa nkhani yobzala ndi pamene alimi ambiri amatayira mbewu. Mvula yoyamba ya chizimalupsa imabwera ndi phokoso lalikulu, madzi n'kuyenderera pamwamba, koma mukakumba ndi khasu mumapeza dothi louma pansi pake. Mbewu yobzalidwa pamenepo imamera, kenako imapsa ndi dzuwa la m'chigwa muno pasanathe sabata ziwiri. Ndikulangizani kuti muike chitini chowongoka m'mbali, chosapindika, pabwalo poyera kutali ndi mitengo ndi denga, ndipo m'mawa uliwonse muyeze madzi ake ndi rula n'kulemba m'kope musanawataye. Ngati m'masiku awiri kapena atatu otsatizana mwapeza mamilimita 25 kapena kuposerapo mukaphatikiza masiku onsewo, dothi lanyowa mpaka kuya kwa chikhatho, ndiponso ulosi ukusonyeza kuti mvula ipitirira, pamenepo bzalani. Mapira ndi mchewere zimapirira ng'amba kuposa chimanga, choncho chaka chimene a zanyengo anena kuti mvula ikhala yochepa, monga zinalili mu dzinja la 2023/24 chifukwa cha El Niño (kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific komwe kumachepetsa mvula kuno), ndi nzeru kuzipatsa malo okulirapo m'munda. Tsiku limene kwalengezedwa mvula yamphamvu musathire feteleza kapena kupopera mankhwala m'thonje, chifukwa madzi adzakokolola zonse.

Pali chinanso chimene ife a kuchigwa tiyenera kuchisunga pamtima: madzi amene amatisefukira nthawi zambiri sagwa kwathu kuno. Amagwa kumapiri a Mulanje, Thyolo, Mwanza ndi Neno, n'kutsika kudzera mu mitsinje monga Ruo ndi Mwanza. Ruo akadzaza amafika ndi mphamvu pa Chiromo pomwe amakumana ndi Shire, madzi n'kubwerera m'madambo ndi m'midzi ya ku Makhanga, ngakhale kumwamba kwathu kuli mbee. Amene anaona madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa liwiro limene madziwa amabwera nalo. Choncho musatseke wailesi akangomaliza kutchula Chikwawa ndi Nsanje. Mvetserani zimene zanenedwa za kumtunda, ndipo kukamveka za mvula yamphamvu kumeneko, chotsani ng'ombe kudimba, kwezani mbewu ndi chakudya pamalo okwera, musawoloke mtsinje ngakhale ukuoneka wochepa, komanso tsatirani uthenga wa komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi.

Za mphenzi, makolo auzeni ana amene amaweta ziweto. Mukaona kung'anima, werengani masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi atatu aliwonse ndi mtunda wa kilomita imodzi. Bingu likamveka musanafike pa 30, mphenzi ili pafupi moti ikhoza kukufikani. Siyani khasu, chokani pansi pa mtengo umene waima paokha, asodzi atuluke m'madzi ndi mabwato awo, ndipo aliyense alowe m'nyumba n'kudikira mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza asanabwerere kuntchito. Pofuna kupewa zonsezi, masiku a chinyezi chambiri lawirirani kumunda mbandakucha kuti ntchito yolemetsa ithe mitambo isanasonkhane.