Kujambula mizukwa usiku ku Dedza: zonyamula ndi zimene zimanamiza kamera

Musanagwire kamera, kaonaneni ndi amfumu. Kuno manda ali m'manja mwa mfumu ndi adzukulu, ndipo m'midzi yambiri dambwe la Gule Wamkulu limakhala komweko. Wolowa yekha usiku ndi tochi amamuyesa wofukula maliro, ndipo mlandu wake si wamasewera. Akakukanizani musaumirire. Mabwinja ndi tinjira ta m'munsi mwa phiri la Dedza tomwe anthu amati pamaoneka zinthu n'zokwanira kuyambirapo, bola mwini malo avomere. Pitani atatu, mmodzi akhale wa m'mudzimo.

Fikani dzuwa lisanalowe, mujambule malowo mbali zonse. Chitsa chopserera kapena chulu usiku chimaoneka ngati munthu wogwada, ndiye zithunzi za masanazi n'zimene mudzafanizire nazo.

Kamera ikhale pa choimikira cha miyendo itatu, kapena pa kathumba ka mchenga pamwala. Zimitsani flash. Ikani ISO (mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala) pakati pa 800 ndi 1600, aperture (kukula kwa bowo lolowetsa kuwala) pa f/2.8 kapena f/4, shutter (kachitseko kolowetsa kuwalako) itseguke masekondi 10 mpaka 20. Mumdima kamera imalephera kudzipezera focus (poti chithunzi chioneke bwino osati mwachimbuuzi), choncho walitsani mtengo ndi tochi, konzani focus pamanja, kenako zimitsani tochiyo. Gwiritsani timer ya masekondi 2 kuti chala chisagwedeze kamera. Jambulani katatu motsatizana osasuntha kanthu, ndipo ngati zingatheke ikani foni ina chapatali mamita atatu ikuyang'ana komweko. Chinthu chimene chilipodi chiyenera kuoneka m'makamera onse awiri.

Pomwe ambiri amagwera ndi pa timipira toyera toyandama m'chithunzi. Ndi fumbi, timadontho ta nkhungu kapena tizilombo touluka pafupi kwambiri ndi galasi, tomwe flash yatiwalitsa tili kunja kwa focus. N'chifukwa chake timachuluka anzanu akangoyenda pa dothi louma. Dedza ili pamwamba, ndipo mu Juni ndi Julaye kumazizira moti mpweya wanu womwe umatuluka ngati utsi. Mukapumira kutsogolo kwa kamera mumapeza chimtambo chooneka ngati munthu wofunda nsalu yoyera. Imani kumbuyo kwa kamerayo, mugwire mpweya podina. Mame nawo amakhala pagalasi n'kuchititsa khungu chithunzi chonse. Liyang'aneni ndi tochi mphindi khumi zilizonse, mulipukute ndi kansalu kofewa. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala chenjeraninso ndi utsi wa tchire lomwe osaka mbewa atentha.

Mizere yowala yokhotakhota nthawi zambiri ndi ziphaniphani, kapena nyali ya njinga yamoto ikudutsa kutali pa msewu wa M1. Maso awiri ofiira mumtengo ndi changa. Night mode ya foni (njira yojambulira usiku) imalumikiza zithunzi zingapo kukhala chimodzi, kotero mnzanu akadutsa amatuluka ngati chithunzithunzi choonekera mkati. Batire likatha mwadzidzidzi musafulumire kunena kuti mizimu yaliyamwa: kuzizira kumafooketsa mabatire. Nyamulani awiri apadera, muwasunge m'thumba la mkati mwa jekete.

Mmodzi azilemba m'kope nthawi ya chithunzi chilichonse, amene anayenda, amene anayatsa tochi kapena kusuta, ndi komwe mphepo imachokera. Popanda kope limeneli mawa mudzangotsutsana.

Sungani chithunzi choyambirira, cha RAW (chosapanikizidwa ndi kamera) ngati kamera ili nayo. WhatsApp imapanikiza chithunzi n'kusiya timabokosi mumdima, ndipo diso la munthu silichedwa kupangamo nkhope. Chikatsala chimene mwalephera kufotokoza, bwererani pa ola lomwelo ndi zida zomwezo mukayesere kuchibwereza.

Poika pa Facebook musaonetse dzina la pa chiliza, ndipo musatchule munthu. Pansi pa lamulo la Witchcraft Act la 1911, kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mphekesera zotere zaphetsa kale agogo osalakwa m'dziko muno.