Musathamangire p-value ya mbali imodzi

Ophunzira a ku UNZA (University of Zambia) amene mukulemba kafukufuku, samalani ndi binomial test (njira yoyesera gawo la anthu pa funso la mayankho awiri, monga inde kapena ayi) mu pulogalamu yosanthula deta ya SPSS. Test proportion (gawo limene mukuyesa) ikakhala 0.5, SPSS imakupatsani p-value (mwayi wopeza zotsatira ngati zanu kapena zopendekera kuposa, gawolo likakhala loona) ya mbali ziwiri, yoona zoposa ndi zochepera zomwe. Mukangoisintha, tinene 0.6, imatulutsa ya mbali imodzi, ndipo mbaliyo imasankha yokha potengera kumene deta yapendekera. Choncho werengani kamzere ka pansi pa tebulo. Ngati mumayembekezera chiwerengero choposa 0.6 koma kamzereko kakunena za chochepera, nambalayo siyankha funso lanu. Onaninso gulu limene yaika poyamba, chifukwa 0.6 ija imakhudza gulu limenelo.

Tiyerekeze kuti mwafunsa amalonda 20 ku msika wa Soweto ku Lusaka, 15 avomera, ndipo mukuyesa 0.5. Mwayi wopeza 15 kapena kuposa ndi 0.0207, mbali ziwiri ndi 0.0414. Kuwirikiza kotereku kumagwira pa 0.5 pokha.

Mu pulogalamu ya R, mukafuna mbali ya zoposa, lembani alternative="greater", apo ayi binom.test ipereka mbali ziwiri. Ku Excel ambiri amaphonya pochotsa BINOM.DIST ya 15 pa 1, n'kupeza 0.0059. Ikani 14, kuti mwayi wa 15 weniweniyo usachotsedwe.

Mbali isankheni musanaone deta, osati pofuna kutsika pansi pa malire a p-value a 0.05.