Kusamalira agogo amene miyendo yawo imatupa

Yambani ndi chala chanu chachikulu. Dinikizani pa msongolo wa agogo, pamwamba pang'ono pa akakolo, kwa masekondi 10, kenako chotsani. Pakatsala kadzenje kochedwa kubwerera, ndiye kuti pansi pa khungu padzaza madzi. Onaninso ngati watupa mwendo umodzi kapena yonse iwiri, chifukwa funso limeneli ndi limene adokotala adzayambire.

Mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi, katumba n'kumawawa ndi kutentha, makamaka agogo atagona nthawi yaitali kapena atayenda ulendo wautali pa basi, mwina magazi aundana mumtsempha. Musasisite, musathowe ndi madzi otentha. Magazi oundanawo akathothoka amakatseka mitsempha ya m'mapapo ndipo munthu amatha kufa. Pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Mulanje Mission, Malamulo kapena chipatala chachikulu cha boma ku Mulanje kapena ku Thyolo. Chimodzimodzi ngati akubanika akagona chagada mpaka kugona chokhala, kapena mkodzo wachepa kwambiri.

Yonse iwiri ikamatupa pang'onopang'ono, magwero ake ndi angapo. Mtima wofooka umalephera kupopa bwino, ndiye madzi amatsalira kumapazi. Impso zikaonongeka, nthawi zambiri chifukwa cha shuga kapena BP ya zaka zambiri, nkhope imatupanso m'mawa. Chiwindi chikadwala, mimba nayo imadzaza madzi. Koma kwa ambiri amene anathera moyo wawo atayimirira m'minda ya tiyi, vuto limakhala mitsempha yobwezera magazi kumtima: timavalavu take, tizitseko toletsa magazi kubwerera pansi, tinatopa, magazi amabwerera pansi, miyendo imalemera madzulo n'kuphwa usiku, khungu la pa akakolo limada.

Gwero limene mabanja ambiri saliganizira ndi mankhwala. Amlodipine ndi nifedipine, amene amaperekedwa kawirikawiri pa BP, amatupitsa akakolo. Ibuprofen ndi diclofenac zogula pa golosale chifukwa cha nyamakazi zimasunga madzi m'thupi ndipo zimapweteka impso. Tengani bukhu la kuchipatala ndi mapepala onse a mankhwala mukapita, kuti adokotala asinthe ngati n'koyenera. Osasiya okha mankhwala a BP.

Kwa amene anakhalapo ku Chigwa cha Shire, mwendo wolimba wosasiya kadzenje ungakhale wochokera ku tinyongolotsi tofalitsidwa ndi udzudzu. Zotupa zakuda kapena zofiirira pamwendo, makamaka kwa munthu wa HIV, zingakhale khansa yotchedwa Kaposi, ndipo zimafuna kuonedwa msanga.

Pakhomo, chinthu choyamba ndi kukweza miyendo. Kuika mapazi pa kampando atakhala pa mpando sikukwanira. Agone pa mphasa kapena pabedi, mapazi ali pa mapilo awiri kapena bulangete lopinda, pamwamba pa mtima, kwa mphindi 30, katatu pa tsiku. Ngati akubanika akagona motero, lekani. Atakhala pansi, azikweza ndi kutsitsa mapazi kokwana 20 ola lililonse, chifukwa katumba ndi amene amakankhira magazi m'mwamba. Kuyenda pang'ono pabwalo n'kwabwino kuposa kukhala tsonga pakhonde tsiku lonse.

Mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, zakudya zonse pamodzi. Apa m'pamene anthu amaphonya: amachotsa mchere wa pambale koma therere likuphikidwabe ndi soda, nsomba zouma zamchere zikudyedwabe, timakyubu tokometsera ndiwo tikuthiridwabe. Zonsezi zili ndi sodiyamu, chinthu cha mumchere chimene chimasunga madzi m'thupi. Nsomba zamchere zivikeni m'madzi musanaphike n'kutaya madziwo.

Khungu lotupa limang'ambika mosavuta. Sambitsani miyendo ndi sopo tsiku lililonse, pukutani bwino pakati pa zala, pakani mafuta pena ponse kupatula pakati pa zalapo, ndipo asayende opanda nsapato. Ena amati ndi tsempho n'kutemera mphini. Kambiranani za mwambowo mwaulemu, koma lumo lisafike pamwendo wotupa: bala lake limachucha madzi, limachedwa kupola, ndipo kwa wodwala shuga limatha kufika podula mwendo.

Bandeji yothina imathandiza pa vuto la mitsempha yobwezera magazi kumtima, koma iyambe yavomerezedwa kuchipatala, chifukwa ngati mapazi ndi ozizira kapena achita dzanzi imatha kutseka magazi. Imangidwe m'mawa asanadzuke, kuyambira pa tsinde la zala mpaka pansi pa bondo, ndipo ichotsedwe pogona.

Furosemide, amene ambiri amati mankhwala okodzetsa, amwedwe m'mawa, pa mlingo umene adokotala alemba. Osabwereka kwa aneba: akachuluka amaumitsa thupi, amachititsa chizungulire, agogo n'kugwa. Ngati pali sikelo, muziwayeza m'mawa uliwonse atakodza, asanadye. Kuwonjezera makilogalamu 2 m'masiku atatu ndi chizindikiro choti madzi akuchuluka m'thupi, ndipo musadikire tsiku limene analembedwa kuti adzabwerenso.